Kuyenda Pansi m'Makwalala a Ortigia, Chilumba cha Siracusa

Buku la Ntchito za Apostoli, pa mutu 28, limasimba kuti Paulo Woyera, atatha miyezi itatu pa chilumba cha Malta kumene chombo chake chidasweka, adakwezedwa m'ngalawa ina ya ku Alexandria, ali wandende, kunka ku Roma. Doko loyamba limene adakocheza lidali la Siracusa, ndipo adakhalako masiku atatu. Luka Woyera sadaonjezepo mau ena, ndipo owerenga ambiri amaidutsa vesi imeneyi chothamanga, poti mtima wao uli kale ku Roma. Komatu mzinda umenewo ulipo mpaka lero. Doko lake ndi lomwe lija, ndipo ena mwa makwalala ake adakali pamene adali masiku amenewo. Phunziro lino ndi la njira zimene munthu angatsate poyenda pansi m'chigawo chakale cha mzindawo, ndi la zimene adzaona ngati ayenda mosafulumira.

Mzinda wa Siracusa uli m'mbali mwa nyanja, kumwera chakuvuma kwa Sicily, chilumba chachikulu koposa zonse za m'Nyanja ya Mediterranean, chimene lero chili mbali ya dziko la Italy. Nyumba zatsopano zidafalikira kumtunda, koma mtima wa mzinda ndi kachilumba kotchedwa Ortigia, kamene kadalumikizidwa ku mtunda ndi milatho iwiri yaifupi. Kachilumbako nkakang'ono ndithu: kuchoka pa mlatho kukafika kunsonga sipatha theka la ola, ndipo wozungulira m'mbali mwa madzi amabwerera pamene adayambira patangotha ola limodzi, ngati sadaime panjira. Galimoto za alendo siziloledwa kulowamo nthawi zambiri, ndipo ngakhale zikadaloledwa, tinjira tina ntopapatiza kotero kuti munthu atatambasula manja angakhudze makoma onse awiri.

Amene adamanga mzindawu ndi Agriki ochokera ku Korinto, kuja kumene Paulo adatumiza makalata ake awiri. Adafika cha m'chaka cha 734 Khristu asanabadwe, motsogozedwa ndi Archias. Chidawakoka ndi kasupe wa madzi abwino, madoko awiri obisika ku namondwe, lina laling'ono kumpoto, lina lalikulu kuzambwe, ndiponso kuti malo ozingidwa ndi madzi savuta kuteteza. Koma kachilumbako sikadali kopanda eni. Adapezapo anthu a mtundu wa Siculi, nawapirikitsa. Woyenda akumbukire zimenezi, pakuti ku Ortigia miyala idasungidwa bwino mibadwo yonse, pamene anthu adachotsedwapo kangapo konse.

Nthawi yoyenda ayenera kuisankha mwanzeru. Chilimwe cha ku Sicily chimayamba mu Juni kufika mu Ogasiti, ndipo dzuwa lake silinyengerera munthu. Pa 11 Ogasiti 2021, kufupi ndi Siracusa kudatentha mpaka madigiri 48.8, ndipo mu 2024 akatswiri a zanyengo adavomereza kuti kutentha kotere kudali kusanayesedwepo ku Ulaya. Eni mudzi amayenda m'mamawa, masana nabisala m'nyumba, madzulo natulukanso banja lonse kukawongola miyendo. Matchalitchi ambiri amatsekedwa masana. Mlendo wanzeru amatsata eni ake.

NJIRA YA PAKATI

Atangowoloka mlatho wa Umbertino ndi kudutsa bwalo loyamba, mlendo amafika pa malo otsika otchingidwa ndi mpanda, pamene pali mabwinja a kachisi wa Apollo, mmodzi mwa milungu ya Agriki. Mabwinja ali munsi, khwalala lili pamwamba, chifukwa mbadwo uliwonse udamanga pa zogumuka za makolo ake mpaka nthaka idakwera. Kachisiyu adamangidwa zaka zoposa 550 Khristu asanabadwe, ndipo ndi mmodzi mwa akachisi amiyala akale koposa pa Sicily. Nsanamira iliyonse adaisema ku mwala umodzi wathunthu, ndipo adaziika mothithikana, monga achita amisiri amene sanakhulupirire bwino mphamvu ya mwala. Ziwiri zidakali chilili. Nyumba imeneyi idasanduka tchalitchi, kenaka mzikiti, kenaka tchalitchi kachiwiri, ndipo potsiriza idamezedwa m'nyumba ya asilikali a ku Spain, kufikira idafukulidwa yonse cha m'ma 1930 ndi 1940.

Pafupi pomwepo pali msika, umene umachitika m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Pali mandimu, matimati, maolivi, tchizi, ndi nsomba zazikulu zimene amazidula nthuli ndi chikwanje ngati nyama ya ng'ombe. Ogulitsa amaitana ogula mofuula, ndipo wosadziwa angaganize kuti pabuka ndeu. Mbali inayo, m'khwalala la XX Settembre, muli miyala ingapo yosakopa maso, yotsala ya chipata cha linga la Dionysius, amene adalamulira mzindawu mwankhanza kuyambira 405 mpaka 367 Khristu asanabadwe. Iyeyu, poopa anthu ake omwe, adatchinga Ortigia ndi makoma, nagawira nyumba za pachilumba kwa abwenzi ake ndi asilikali ake aganyu. Eni nyumba adatuluka kachiwiri.

Kuchoka apa njira zilipo ziwiri. Ina ndi khwalala lotakata ndi loongoka la Corso Matteotti, lodzala masitolo, ndipo ambiri amatsata limeneli chifukwa ndilo liri patsogolo pao. Lidalambulidwa cha m'ma 1930 ndi boma la Mussolini, limene lidagwetsa nyumba zakale zambiri kuti msewu uongoke. Poyamba lidatchedwa Via del Littorio. Ulamuliro uja utagwa adalipatsa dzina la Giacomo Matteotti, phungu amene adaphedwa ndi anthu a chipani cha Mussolini mu 1924. Khwalala limeneli lilibe zambiri zophunzitsa. Njira yabwino ndi kanjira ka Via Dione, kamene kali pambali pake chakuvuma. Via Dione pamodzi ndi Via Roma, imene imapitiriza kumwera, zimatsata mseu waukulu wa Agriki, umene udadula chilumba pakati. Tinjira tating'ono timatuluka mu mseuwo uku ndi uku ngati mano a chipeso, ndipo m'zigawo zina tidakali m'mizere imene oyeza malo a ku Korinto adalemba. Nyumba zidagwa ndi kumangidwanso kambirimbiri, koma womanga aliyense adalemekeza malire a njira.

Njira zonse ziwiri zimakumana pa bwalo la Archimede. Archimedes adali mwana wa mzinda uno, katswiri wa masamu woposa onse a masiku akale. Pamene Aroma, motsogozedwa ndi Marcellus, adazinga Siracusa, makina ake oponya miyala ndi okola ngalawa adawatchinga nthawi yaitali. Mzinda udagwa m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe, ndipo msilikali wina adamupha nkhalambayo ali mkati molemba masamu ake. Marcellus adalamula kuti mbadwa ya Siracusa isakhalenso pa Ortigia, poti adaona kuti anthu ochepa angathe kutchinjiriza chilumbacho kwa ankhondo ambiri. Aka ndi kachitatu. Patapita zaka 137, Cicero, mlembi wotchuka wa ku Roma, ali pa ntchito ya boma ku Sicily, adafunafuna manda a Archimedes, nawapeza atamera minga, eni mudzi atawaiwala. Ngakhale lero, chimene chili pakati pa bwalo la dzina lake ndi kasupe womangidwa mu 1907 wokhala ndi chifanizo cha Diana. Chifanizo cha Archimedes mwini chidaimikidwa mochedwa, mu 2016, kuja ku mlatho.

TCHALITCHI CHA M'KATI MWA KACHISI

Wofuna kumvetsa Katedrale, ndiye kuti tchalitchi cha mpando wa Episkopi, asafikire kumaso kwake. Atsike ndi Via Roma, akhotere kudzanja lamanja pa bwalo la Minerva, ayambe waona khoma la m'mbali. Poyamba limaoneka khoma wamba la mwala wotuwa. Koma kuona maso a nkhono nkudekha: akaima pang'ono, amazindikira kuti m'khomamo mwatuluka mimba za nsanamira zazikulu, zokhala ndi mizere yosemedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi mitu yake yozungulira ngati mbale. Pansi pake pali makwerero atatu amiyala, operepeseka ndi ukalamba. Nsanamira zimenezi sizidatengedwe kwina kudzakometsera tchalitchi ai. Zili pamene zidaimikidwa, ndipo tchalitchi ndicho chidadzalowa pakati pao.

M'chaka cha 480 Khristu asanabadwe, Gelon, wolamulira Siracusa, adagonjetsa ankhondo a ku Carthage, mzinda wa mu Afrika umene mabwinja ake ali m'dziko la Tunisia. Nkhondoyo idachitikira ku Himera. Pothokoza, adamangira Athena kachisi pa malo okwera koposa a chilumba: nsanamira 6 kumaso ndi kumbuyo, 14 m'mbali, iliyonse yotalika pafupi mamita 9. Pamwamba padali chishango chonyezimira ngati golide, chimene amalinyero ankachiona ali kutali panyanja. Cicero adasimba za zitseko zake zokongoletsedwa ndi golide ndi minyanga ya njovu, poimba mlandu Verres, bwanamkubwa wa Chiroma amene adazifunkha pakati pa zaka za 73 ndi 71. Pamene ngalawa ya Paulo idalowa m'doko, cha m'chaka cha 60 cha Ambuye, kachisiyu adali atatha kale zaka zoposa 500, ndipo wokocheza aliyense sakadalephera kumuona.

Zaka za m'ma 600, m'masiku a Episkopi Zosimus Woyera, Akhristu adaika mpando wa Episkopi m'kachisiyu. Machitidwe ake ndi oyenera kuwalingalira, pakuti kachisi wa Agriki ndi tchalitchi ndi nyumba zosiyana msinkhu ndi cholinga. Kachisi adali nyumba ya fano: m'kati mudali chipinda cha makoma olimba m'mene fanolo linkakhala, kunja kudali khonde la nsanamira, ndipo anthu ankasonkhana pabwalo, pamene padali guwa la nsembe. Tchalitchi ndi nyumba ya anthu: mpingo wonse uyenera kulowa. Tsono amisiri adatembenuza nyumbayo monga atembenuza malaya. Adatseka mipata ya pakati pa nsanamira ndi makoma, khonde lija nkusanduka mbali ziwiri za m'kati. Makoma a chipinda cha fano adawaboola zipata 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo, kuti oima m'mbali aone guwa. Khomo la kachisi lidayang'ana kuvuma. Iwo adalitseka naikapo guwa, natsekula khomo latsopano kuzambwe. Wolowa lero amayenda pakati pa zipata zomwezo, ndipo akatambasula dzanja amakhudza mwala umene udasemedwa Socrates asanabadwe.

Sadachite zimenezi chifukwa chosowa miyala. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, mu 601, Papa Gregori Wamkulu adalembera amishoni amene adawatuma ku England kuti asagwetse akachisi omangidwa bwino, koma achotsemo mafano okha, awaze madzi odalitsidwa, aikemo maguwa, kuti anthu adze kwa Mulungu woona pa malo amene mapazi ao adazolowera kale. Nzeru yomweyo imaoneka pano. Ngakhale mtsuko wobatiziramo ndi chotengera chamwala cha Agriki akale, chokhazikidwa pa timikango tamkuwa ta zaka za m'ma 1200.

Nyumbayi idaonanso zina. Mu 878 Aluya ochokera ku Tunisia adalanda mzinda atauzinga miyezi 9, adapha ndi kugwira ukapolo anthu ochuluka, ndipo kuyambira pamenepo ulemu wa mzinda woyamba wa Sicily udapita ku Palermo osabwereranso. Katedrale idasanduka mzikiti. Patapita zaka zoposa 200 ankhondo a Norman adalanda mzinda, naibwezera kwa Akhristu. Chivomezi cha 1542 chidasuntha miyala ya nsanamira zina, ndipo woyang'ana bwino amaona pamene mwala wapamwamba udaterereka pa unzake. Chivomezi choopsa cha pa 11 Januwale 1693, chimene chidapasula midzi yambiri ya kuvuma kwa Sicily, chidagwetsa khoma la kumaso. Limene liripo tsopano lidamangidwa pakati pa 1728 ndi 1754 potsata mapulani a Andrea Palma, lodzala nsanamira zokongoletsa ndi zifanizo: Maria Virigo pamwamba, Marciano Woyera ndi Lucia Woyera m'mbali, Petro ndi Paulo pa makwerero. Alendo amajambula kumasoku, ndipo nkokongoladi, makamaka dzuwa likapendeka mwala nkufiira ngati uchi. Koma khoma losalankhula la ku Minerva ndilo liri ndi nkhani yaikulu.

M'kati, m'mwamba mwa makoma, muli malembo a Chilatini onena kuti Eklezia wa ku Siracusa ndiye mwana woyamba wa Petro Woyera, wotsatana ndi wa ku Antiokeya. Izi zichokera ku mwambo wakuti Petro adatuma Marciano kudzakhala Episkopi woyamba. Mwambo womwewo umati Paulo adalalika m'phanga la Marciano, kumtunda, pafupi ndi manda apansi a San Giovanni. Ndi mwambo wolemekezeka, koma sudalembedwe m'Malembo Oyera, ndipo wophunzira asasakanize ziwirizi.

KASUPE, DOKO NDI LINGA

Kuchoka pa bwalo la Katedrale, kanjira ka Picherali kamatsikira ku kasupe wa Arethusa. Ndi dziwe lozungulira la madzi ozizira, lolekana ndi nyanja yamchere ndi khoma lokha. Madziwo amachokera kumtunda, nayenda pansi pa thanthwe. Agriki adapeka nthano yakuti namwali Arethusa, pothawa Alpheus, mzimu wa mtsinje wa ku Greece, adasandulika madzi, nadutsa pansi pa nyanja, natumphukira pano. Nthano ya anthu osamuka imeneyo: adafuna kukhulupirira kuti madzi amene akumwa ndi a kwao. M'dziwemo mumamera gumbwa, yemwe uja wa m'madambo a mtsinje wa Shire, yemwenso amai a Mose adalukira kadengu, ndi amene anthu akale ankapangira mapepala. Ku Ulaya gumbwa ndi wosowa kwambiri, ndipo alendo amaima nthawi yaitali kumuyang'ana. Mu Julaye 1798 ngalawa za Nelson zidatunga madzi ku Siracusa zisanapite kukagonjetsa za France ku mathiriro a Nile.

Woima pa khoma la kasupe ali ndi doko lalikulu lonse patsogolo pake. Madzi ake ndi odekha, koma mu 413 Khristu asanabadwe mudachitika nkhondo imene idathyola msana wa Athens. Ankhondo a ku Athens adadza kudzalanda Siracusa, nakhala zaka ziwiri osapambana. Atafuna kuthawa usiku, mwezi udadetsedwa, ndipo mtsogoleri wao Nicias, pomvera oombeza, adachedwetsa ulendo masiku 27. Eni mzinda adatseka pakamwa pa doko ndi ngalawa zomangidwa pamodzi, naononga zombo za adani m'katimo. Otsala, osachepera 7,000, adatsekeredwa m'maenje okumbamo miyala kumtunda, kumene ambiri adafa ndi dzuwa, ludzu ndi matenda. Maenjewo lero ndi minda ya mandimu.

Njira ya m'mbali mwa madzi imapitirira kumwera mpaka kunsonga, kumene kuli linga la Maniace. Adalimanga ndi mfumu Frederick II pakati pa 1232 ndi 1240, koma limatchedwa dzina la George Maniakes, kazembe wa ku Constantinople amene adalanda mzinda kwa Aluya kwa zaka zochepa. Mu 1704 onga udaphulika m'katimo nkugwetsa mbali ina. Kuchoka apo woyenda amabwerera kumpoto ndi gombe la kuvuma, kumene kulibe doko, koma mafunde omenya makoma ndi anyamata osambira pa matanthwe.

GIUDECCA

Pa gombe limeneli mlendo akhotere m'kati, alowe m'chigawo cha Giudecca, kumene tinjira ta Agriki tidasungika bwino koposa. Dzinali litanthauza mudzi wa Ayuda. Adakhala ku Siracusa zaka zoposa 1,000, ali amisiri onyika nsalu, ofufuta zikopa, osula ndi amalonda. Mu 1492 Ferdinand ndi Isabella, mafumu a ku Spain amene ankalamuliranso Sicily, adalamula kuti Myuda aliyense abatizidwe kapena achoke, ndipo pofika mu Januwale 1493 Giudecca idatsala dzina lokha. Mafumuwo adali Akatolika, ndipo adayesa kuti akutumikira Mulungu. Koma ubatizo woumiriza suli chikhulupiriro, ndipo mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatsutsa poyera chidani ndi mazunzo onse ochitira Ayuda, a nthawi iliyonse ndi ochokera kwa aliyense.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amisiri okonza nyumba ina yakale m'khwalala la Alagona adapeza khomo lotsekedwa, ndipo kumbuyo kwake makwerero odzala dothi. Atachotsa dothilo adatsika mamita 18 m'thanthwe, napeza chipinda chosemedwa, chokhala ndi timaiwe ta madzi oyera otumphuka pansi. Adali malo osambiramo Ayuda podziyeretsa monga mwa Chilamulo, amene iwo amati mikveh. Zikuoneka kuti eni ake adawakwirira okha pochoka, kuti asadetsedwe. Madzi adapitirira kutumphuka mumdima zaka pafupi 500. Lero alendo amaloledwa kutsikamo, ndipo mwa zonse za pa Ortigia, palibe malo amene amatontholetsa anthu olongolola monga amenewa.

Kuchoka kwa anthu kwa masiku ano kudadza popanda lamulo la mfumu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri adasiya nyumba zachinyezi ndi zamdima za pachilumba, nasamukira ku nyumba zatsopano za kumtunda. Makoma adayamba kugwa. Mu 1976 boma la Sicily lidakhazikitsa lamulo lapadera loteteza Ortigia, ntchito yokonza idayamba pang'onopang'ono, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Siracusa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Miyala idapulumuka. Koma nyumba zambiri zokonzedwazo zidasanduka zogona alendo ndi malo odyera, mitengo ya nyumba idakwera, ndipo mdzukulu wa msodzi sangathe kubwerera m'kanjira ka agogo ake. Ndalama za alendo zidakonzadi madenga, izi nzosakanika. Koma mlendo ndi mame, ndipo m'miyezi yozizira tinjira tina timakhala zii, mazenera otseka. Woyenda ayang'ane m'mwamba: pamene pali zovala zoyanikidwa ndi miphika ya maluwa othiriridwa, pamenepo padakali banja.

NJIRA YA LUCIA WOYERA

Ilipo njira ina imene eni mzinda amayenda onse pamodzi, ndipo tsiku limenelo ngakhale amene adasamukira kumtunda amadzazanso chilumba. Lucia Woyera, namwali wa ku Siracusa, adaphedwa chifukwa cha Khristu pa 13 Disembala 304, m'mazunzo a Diocletian. Dzina lake limatchulidwa m'Pemphero loyamba la Ukaristia, ndipo atsikana ambiri obatizidwa ku Malawi ndi ku Zambia amalitenga. Mtembo wake suli kwao: Maniakes uja adautengera ku Constantinople, ndipo mu 1204 udapita ku Venice, kumene uli m'tchalitchi cha San Geremia. Udabwerako kudzacheza masiku ochepa mu 2004, 2014 ndi 2024. Chimene Siracusa idatsala nacho ndi manda opanda kanthu ndi chifanizo chasiliva chimene Pietro Rizzo adasula mu 1599.

Pa 13 Disembala masana, amuna ovala zipewa zobiriwira amanyamula chifanizocho pa mapewa kutuluka m'Katedrale, khamu likufuula kuti Lucia ndi wa ku Siracusa. Ambiri amatsata opanda nsapato, makandulo ali m'manja, kukwaniritsa zimene adalonjeza. Mdipiti umatsikira ku doko, numaima pafupi ndi chipata cha Porta Marina, chotsala cha malinga amene adagwetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ngalawa zimaliza malipenga ao. Kenaka umaoloka mlatho kunka ku tchalitchi cha Santa Lucia al Sepolcro, pa malo a manda. Mtunda umene munthu yekha angauyende osatha ola, mdipiti umauyenda mpaka usiku. M'tchalitchi chimenecho muli chithunzi cha maliro a Lucia chimene Caravaggio adajambula mu 1608, ali wothawa kuchokera ku ndende ya ku Malta. Okumba manda awiri ndiwo akulu m'chithunzicho, maritiri ali pansi, wamng'ono, ndipo theka lonse lapamwamba ndi khoma lamdima. Mabuku ena a alendo amati chili pa bwalo la Katedrale, m'tchalitchi cha Santa Lucia alla Badia. Chidakhaladi kumeneko zaka zingapo, koma mu 2020 chidabwezedwa kumanda kumene adachijambulira.

Chifanizo chimagona kumeneko masiku 7. Pa 20 Disembala chimabwerera ndi njira ina: chimaima pa tchalitchi cha Maria wa Misozi, chokumbutsa chifanizo chimene chidakhetsa misozi m'nyumba ya banja lina losauka mu 1953, chimaimanso pa chipatala kuti odwala apemphereredwe, ndipo chikafika pa mlatho amachilonjera ndi moto wophulika m'mwamba. Usiku womwewo chimatsekeredwa m'chipinda chake m'Katedrale, pakati pa nsanamira za Athena. Sichitulukanso pabwalo kufikira Lamulungu loyamba la Meyi, pamene mzinda umakumbukira njala ya 1646 ndi ngalawa za tirigu zimene zidalowa m'doko anthu ali m'tchalitchi kupemphera.